5A, 1NZ, QG15 kapena ya Honda Fit: ndi injini iti imapirira ikawira pa zitunda za ku Salima?

Amene akufuna kugula kagalimoto kotchipa kuno ku Salima, kaya n'koyendera banja kaya n'kochitira matola pakati pa Kamuzu Road ndi Senga Bay, funso lake loyamba limakhala la mafuta: kamamwa bwanji? Funsolo silolakwika, makamaka mmene mafuta akuvutira zaka zino. Koma tayang'anani galimoto zimene zakhala pa miyala kuseri kwa magalaja, boneti ili yasa, silinda hedi itagonekedwa pa mpando wakumbuyo. Sizinafike pamenepo chifukwa chomwa mafuta. Zinawira.

Ndiye tiyeni tiziike pamzere injini zimene zadzaza m'misewu yathu, zonse zoti zayenda kale makilomita 200,000 kapena kuposa apo, ngakhale nambala ya pa dashibodi ikunena zina. Tione kuti iliyonse ikawira imatani, ndipo kuibwezera pa msewu kumalira chiyani.

Hedi gasiketi imakhala pakati pa buloko (thupi la injini, mmene muli masilinda) ndi silinda hedi (chigawo chovundikira pamwamba pake), kutchinga kuti moto wa m'masilinda, madzi ndi oyilo zisakumane. Pa injini zimenezi gasiketi kawirikawiri siyamba yokha kuonongeka. Chimayamba ndi china: paipi yadontha, fani yasiya kuzungulira, rediyeta yatsekeka, madzi atha dalaivala osadziwa. Hedi ikatentha mopyola muyezo imapindika pang'ono, ngati poto wa aluminiyamu amene waiwalidwa pamoto wopanda madzi, ndipo malo ena mabawuti sakhalanso akufinya gasiketi mokwanira. Mpweya wa moto ukangopeza kampata, umadziboolera njira.

Kuno zoyambitsa zake n'zambiri kuposa ku Dedza kapena ku Mzuzu. Salima ali m'chigwa cha nyanja, pa mamita pafupifupi 500, pomwe Lilongwe ali pamwamba pa mamita 1,000. Wochoka pa Kaphatenga kulowera ku Lilongwe pa M14 amayenera kukweza galimoto mtunda wonsewo, ndipo kukwera kwenikweni kwaunjikana pa zitunda za cha ku Mvera. Mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likuswa mtengo, galimoto ya anthu asanu itanyamula asanu ndi awiri ndi matumba a mpunga kumbuyo, injini imakoka pa giya yotsika, kutulutsa moto wambiri, pamene mphepo yowomba rediyeta yachepa chifukwa liwiro lagwa. A ku Nkhotakota ali ndi chawo chitunda pa M18 popita ku Kasungu, m'kati mwa nkhalango yotetezedwa, kumene galimoto ikawira simungatsike ndi chigubu kukasaka madzi, poti kumeneko n'kwa njovu.

Onjezanipo madzi amene timathira. Ambiri timatunga pa mjigo kapena pa mpopi, ndipo mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja madzi ake ndi amchere ndithu. Madzi otere amasiya zoyerayera m'timachubu ta rediyeta, amadya aluminiyamu, amachititsa dzimbiri buloko yachitsulo. Ena amati coolant, mankhwala osakaniza ndi madzi a m'rediyeta, ndi wa kumayiko a chisanu. Kuno ntchito yake yaikulu ndi kuletsa dzimbiri ndi kudyeka kwa zitsulo, ndipo pa ntchito imeneyo timamufuna kuposa a ku Japan.

5A: nkhalamba yokhululuka msanga

5A-FE ndi injini ya malita 1.5 ya mu Corolla AE100 imene inatuluka mu 1991 ndi AE110 ya 1995, komanso mu Sprinter ndi Carina. Buloko yake ndi yachitsulo, hedi yokha ndiyo ya aluminiyamu, ndipo ubwino wake wonse pa nkhani yathuyi wagona pamenepo. Ikawira, chimene chimapindika ndi hedi. Buloko nthawi zambiri imatsala yowongoka, ndipo mazinga a mabawuti ali m'chitsulo, sasosoka wamba. Kuchotsa hedi sikuvuta: lamba wa taimingi ali panja kuseri kwa chivindikiro cha pulasitiki, mwamumasula, mwachotsa ma camshaft, mabawuti khumi, hedi ili m'manja. Makaniko aliyense amene wakhalitsa pa ntchito anaphunzirira pa injini imeneyi kapena pa abale ake, 4A ndi 7A. Lamba amasinthidwa pa makilomita 100,000, ndipo akakudukirani pa msewu mapisitoni sagunda mavalavu, galimoto imangozima basi.

Chokhumudwitsa chake ndi zaka. Ngakhale AE110 yomalizira yadutsa kale zaka 20, ndipo chimene chakalamba si injini yokha. Mapaipi a mphira auma, timapaipi tachitsulo topita ku hita tadyeka ndi dzimbiri, matanki a pulasitiki a rediyeta akung'aluka, ma welsh plug (tizivindikiro tachitsulo totseka mabowo a madzi) a m'mbali mwa buloko akuchucha. Mukatseka pano, mwezi wamawa padontha pena. Zambiri zimafukanso utsi wa oyilo m'mawa chifukwa timphira ta mavalavu tatha. Ndipo mukafuna injini ina ya 5A yochokera ku Japan, yabwino ikusowa chaka ndi chaka. Zimene zikuzungulira pa msika zambiri n'zochotsedwa m'galimoto za kuno komwe, zoti nazonso zinawirapo.

1NZ: yolimba ikasamalidwa, yosunga mangawa ikawira

1NZ-FE inayamba mu 1999, ndipo ndi imene ili mu Corolla NZE121 ya 2000, mu Probox ndi IST za 2002, mu Sienta ya 2003, komanso mu Raum, Fielder, Axio, Ractis ndi ma Allion ndi ma Premio a 1.5. Mng'ono wake 2NZ, wa 1.3, ndi wofanana naye pa zonse zimene ndikunena pano. Injini imeneyi ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, imamwa pang'ono kuposa 5A, ndipo gasiketi yake ndi ya timalata tachitsulo tosanjikiza, yoti payokha siifa wamba. 1NZ imene sinaphonyepo madzi ndi oyilo imatha kudutsa makilomita 300,000 hedi isanatsegulidwepo. Ma Sienta a matola amene amayenda tsiku ndi tsiku pa M5 atadzaza mpaka kumbuyo ndi umboni wokwanira.

Koma buloko yake nayonso ndi ya aluminiyamu. Masilinda ake ndi timachubu topyapyala tachitsulo toumbidwira m'buloko momwemo, ndipo Toyota sanaipange kuti iziboledwa n'kuikidwa mapisitoni akuluakulu. Ikawira pang'ono dalaivala n'kuzimitsa msanga, hedi yokha ndi imene imavutika, ndipo imakonzeka bwinobwino. Ikawira mpaka kuzima yokha, nkhani imasintha. Pamwamba pa buloko pamatha kupindika limodzi ndi hedi, ndipo marin'gi a mapisitoni amafooka kapena kumatirira m'ngalande zake. Apa ndi pamene anthu ambiri amalira kawiri: gasiketi yaikidwa, madzi sakuthanso, koma galimoto yayamba kumwa oyilo ndi kufuka utsi wabuluu, zimene sinkachita kale. Mwini galimoto amati makaniko waononga injini, chonsecho inaonongeka tsiku lija pa chitunda.

Ntchito yake nayo ndi yaitali. Kuti hedi ichoke, pamafunika kuchotsa chivindikiro chonse cha tcheni, chimene chanyamulanso pampu ya oyilo, ndipo kuti mufikepo muyambe mwachotsa pampu ya madzi ndi mauntin'gi ya injini ya mbali imeneyo. Pobwezera, chivindikirocho chimamatidwa ndi silikoni, ndipo wothira wambiri amatumiza zidutswa zake m'sefa ya pampu ya oyilo. Tcheni chikalumpha dzino limodzi, injini imalira koma ilibe mphamvu.

Chimene chimaipha kwambiri 1NZ kuno ndi pampu ya madzi. Imayamba kudontha pang'onopang'ono, n'kumasiya zouma zofiirira kapena zoyera kuseri kwa pule yake, ndipo chifukwa madziwo amauma asanagwe pansi, pa malo oimika galimoto simuona kanthu. Kuonjezera apo, ma Vitz, ma Fit ndi ma Sienta ambiri alibe muvi wosonyeza kutentha. Ali ndi kanyali kabuluu koyaka injini ikazizira ndi kofiira koyaka ikatentha. Muvi wa mu AE110 kapena NZE121 umakuchenjezani ukayamba kukwera, mumakhala ndi mpata woima. Kanyali kofiira kakamayaka, zinthu zafika kale patali. China choyenera kudziwa, pa 5A ndi 1NZ pomwe: lamba woyendetsa alternator ndi yemweyo woyendetsa pampu ya madzi. Nyali ya batire ikayaka muli pa liwiro, musanene kuti ndikaonera pa Chezi. Imani, tsegulani boneti, onani ngati lamba alipo.

Mwayi waukulu wa 1NZ ndi wakuti inaikidwa m'galimoto zambirimbiri, ndiye masipeya ake ali paliponse ndipo injini zochokera ku Japan sizisowa.

QG15 ya Nissan

QG15DE ili mu Sunny B15 ya 1998, mu AD Van ndi Wingroad za Y11, ndi mu Bluebird Sylphy yoyamba. Pa pepala yatenga zabwino za mbali zonse ziwiri: buloko yachitsulo ngati 5A, tcheni ngati 1NZ. Galimoto zake zimagulidwanso motsika kuposa za Toyota za msinkhu womwewo.

Pa injini zonsezi, banja la QG, makamaka mkulu wake QG18, ndi limene gasiketi yake imadziwika kuti imatha kutopa ngakhale injini isanawirepo moonekera. Imachita mwakachetechete. Madzi amalowa pang'onopang'ono mu silinda imodzi galimoto ikagona, m'mawa mukaliza imanjenjemera kamphindi ngati pulagi imodzi yafa, kenako n'kuwongoka. Kabotolo ka madzi kamatsika sabata ndi sabata, pansi posadontha kanthu. Ambiri amasintha mapulagi ndi makoyilo mpaka kutopa asanaganizire za gasiketi. Mukaigwira pa siteji imeneyi ntchito yake imakhalitsa, chifukwa hedi imakhala isanapindike kwambiri ndipo buloko ndi yachitsulo. Poti mwatsegula kale, yang'ananinso tcheni, chimene pa injini zimenezi chimatalika ndi zaka, ndi masensa a crankshaft ndi camshaft, amene amakonda kuzimitsa galimoto ikatentha. Masipeya ake ku Salima sapezeka msanga ngati a Toyota. Konzekerani ulendo wa ku Lilongwe kapena kutumiza munthu.

Fit ndi tinjini ting'onoting'ono

Honda Fit yoyamba, GD1 ya 2001, ili ndi L13A ya 1.3, ya aluminiyamu yonse, ya tcheni. Injiniyi ndi yolimba kwambiri ndipo gasiketi yake si nkhani imene eni ake amadandaula nayo kawirikawiri. Ili ndi mapulagi asanu ndi atatu, awiri pa silinda iliyonse, anayi kutsogolo anayi kumbuyo. Akumbuyowo amaiwalika, ena amakhala osasinthidwa chichokereni ku Japan, ndiye galimoto ikayamba kudukiza munthu amauzidwa kuti ndi gasiketi pomwe ndi pulagi kapena koyilo. Chimene chimagwetsa Fit imeneyi ndi giyabokosi yake ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene imanjenjemera ponyamuka ndipo imafuna oyilo wake wa Honda osati oyilo wamba wa giyabokosi ya otomatiki (ATF). Mutha kukhala ndi injini yabwino m'galimoto yosayenda. Ikawira kwambiri, yerekezani kuti ndi 1NZ, kungoti amakaniko oizolowera ndi ochepa.

1KR-FE ya masilinda atatu, ya 996 cc, imene ili mu Passo ya 2004 ndi Vitz ya 2005, ndi yabwino kwa munthu woyenda yekha kapena awiri m'tauni. Kuichitira matola pa M14 n'kuizunza. Imakwera chitunda phazi lili pansi njira yonse, ndipo pampu yake ya madzi nayonso siichedwa kudontha. March K12 ya 2002 vuto lake lodziwika ndi tcheni chotalika msanga oyilo akamachedwa kusinthidwa, ndiye imeneyo tiisiye.

Mukandifunsa ine: wa matola atenge 1NZ, koma yoti waiona ndi maso kuti ili ndi coolant woyera bwino, osati madzi adzimbiri, ndipo ngati ilibe muvi aikitse geji yapadera ya kutentha. Wokhala kutali ndi tauni, ku Khombedza, ku Thavite kapena ku Benga, amene galimoto yake idzakonzedwa pansi pa mtengo, 5A ikadali bwenzi lake, bola asinthe mapaipi onse ndi rediyeta tsiku limene waigula. QG15 ndi ya munthu woyang'ana kabotolo ka madzi m'mawa uliwonse. Fit igulidwe poyesa giyabokosi, osati pomvera kulira kwa injini.

Musanatsegule, tsimikizani

Injini zambiri zimatsegulidwa pachabe. Kuwira kokha sikutanthauza kuti gasiketi yapsa. Kapu ya rediyeta yofooka imawiritsa galimoto yabwinobwino. Madzi m'poto amawira pa madigiri pafupifupi 100, koma kapu yabwino, ya 0.9 kapena 1.1 monga zalembedwa pamwamba pake, imawapanikiza kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Kamphira ka kapuyo kakang'ambika, malire onsewo apita.

Kuyesa koyamba kumachitika m'mawa injini ili yozizira. Tsegulani kapu, dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani injini, muwerame muyang'ane. Timathovu tiwiri titatu toyamba si kanthu, ndi mpweya umene unatsalira. Koma mukaona thovu likubwera mosalekeza, limodzi pambuyo pa linzake, n'kumachuluka wina akaponda mafuta, kapena madzi akudumpha pakhosipo injini isanatenthe n'komwe, umenewo ndi mpweya wa m'silinda. Tsekani kapu, lizaninso, finyani paipi yapamwamba: ikalimba gwa m'kamphindi kochepa injini ikadali yozizira, yankho ndi lomwelo. Injini ikatentha kapu imeneyi musaigwire. Madzi ake amasupula nkhope.

Zizindikiro zina ndi utsi woyera wosatha ku ekizosi ngakhale masana, wa fungo lotsekemera ngati muli coolant, oyilo wotuwa wonanda pa dipusitiki, ndi pulagi imodzi yoyera mbee pamene zinzake zili zodera, chifukwa nthunzi yaitsuka. Geji ya compression (mphamvu yofinyira mpweya m'silinda) ikaonetsa masilinda awiri oyandikana otsika limodzi, gasiketi yabooka pakati pawo. Amakaniko ena ali ndi kachubu ka madzi abuluu kamene amaika pakhosi pa rediyeta, madziwo amasanduka achikasu mukakhala mpweya wa ekizosi. Kuyesa kumeneku kumatha mkangano msanga.

Njira zokonzera, kuyambira yotchipa

Yotchipitsitsa ndi botolo la mankhwala omata othira m'rediyeta, kapena mnzake wa kumudzi, dzira laliwisi. Pa kabowo kakang'ono ka rediyeta zingakufikitseni kunyumba. Pa gasiketi yobooka kumbali ya moto zimagwira masiku ochepa, ndipo zimene zatsala zimakamata timachubu ta rediyeta yomwe inali yotsekeka kale. Amene amapindula nazo kwenikweni ndi wogulitsa galimoto. Mukamagula n'kuona madzi a m'rediyeta ali ndi tinthu tonyezimira kapena phala lachilendo, bwererani.

Yachiwiri ndi imene imachitika kwambiri: kutsegula, kupala ndi sandipepa, kuika gasiketi yatsopano, kumanga. Kukambirana kwake mumakumva pa galaja iliyonse.

"Achimwene, ingoikani gasiketi basi, mawa ndili ndi ulendo wa ku Lilongwe."

"Bwana, tiyeze kaye hedi. Ndikangoika chonchi mukanditukwanira pa Mvera."

Makaniko woyankha chonchi mugwiritsitseni. Kuyezako n'kosavuta kuona. Hedi imatembenuzidwa, kutsukidwa mpaka kuwala, n'kugonekapo chitsulo chowongoka choyezera, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Kenako amalowetsa kalilime ka feeler gauge pansi pake. Pa 5A ndi 1NZ malire amene Toyota amalola ndi mamilimita 0.05, pafupifupi theka la kuchindikala kwa pepala la m'kope. Kalilime kameneko kakalowa momasuka, makamaka pakati pa silinda yachiwiri ndi yachitatu pamene moto umaunjikana, hedi yapindika, ndipo palibe gasiketi imene ingabise zimenezo. Diso silingaone 0.05, chala sichingamve. Pa 5A, gasiketi yake yofewa yakuda imatha kumeza kupindika kochepa, n'chifukwa chake njira yachidule imeneyi nthawi zina imagwira ndipo anthu anaizolowera. Pa 1NZ ndi pa Fit, gasiketi ya malata imafuna malo osalala kwambiri, ndipo mikwingwirima ya sandipepa wokhakhala imasanduka tinjira ta madzi.

Yachitatu ndiyo ntchito yeniyeni. Hedi imapita ku makina kukasikimidwa (kupalidwa pang'ono kuti iwongoke) ndi kukayesedwa ngati ili ndi mng'alu, ndipo kwa ife izi kawirikawiri zimatanthauza Lilongwe. Kuyesa mng'aluko musakudumphe, chifukwa hedi yong'aluka pakati pa mavalavu imaonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi gasiketi, ndipo mukaisikima n'kuibwezera mwangotaya ndalama. Funsaninso ngati inasikimidwapo kale. Hedi ikadyedwa kambirimbiri compression imakwera, injini imayamba kugogoda pa chitunda, taimingi imasuntha. Pali kuyesa kwina kumene amakaniko abwino amachita: kuika camshaft m'malo mwake popanda chokankha mavalavu n'kuizunguza ndi dzanja. Hedi yopindika kwambiri imapindika ndi pamwamba pomwe, ndiye ngakhale pansi pasikimidwe, camshaft imakhala ikugwira. Yoteroyo ndi yotaya, mugule hedi ina.

Pomanga ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Mabowo a mabawuti m'buloko ayenera kuuma, chifukwa bawuti ikakhala pa madzi kapena oyilo wotsalira imaoneka ngati yalimba isanafinye kanthu. Gasiketi siipakidwa silikoni kapena girisi. Mabawuti amamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, ndipo pa 5A ndi 1NZ muyezo wake ndi 29 Nm pa torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), kenako kupotoza madigiri 90, kenakonso 90 ena. Mabawuti amenewa amapangidwa kuti azitamuka akamamangidwa, ndiye akale ayenera kuyezedwa, opyapyala pakhosi kusinthidwa. Womanga ndi paipi yaitali pa sipanala, kumati dzanja langa limadziwa, pa buloko yachitsulo amapulumuka. Pa ya aluminiyamu amasosola mazinga. Eni ma Noah ndi ma Voxy a injini ya 1AZ nkhani ya mazinga osoka kumbuyo kwa buloko amaidziwa bwino.

Za gasiketi yeniyeniyo: pa shelefu pamakhala ya mtengo wotsika ndi ya mtengo wokwera, zonse m'mapaketi okongola. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kusiyana kwa mitengo yake kumapweteka ndithu, ndipo mtima umakokera ku yotchipa. Koma ndalama yaikulu pa ntchitoyi ili pa makaniko, pa kusikima, pa ulendo wa ku Lilongwe, pa oyilo ndi coolant, ndi pa masiku amene galimoto yaima osapanga ndalama. Gasiketi yotchipa ikabooka, zonsezo mumalipiranso.

Ndipo chimene chinawiritsa injini chija chipezeke, apo ayi mwezi usanathe mwabwerera. Rediyeta itsukidwe kapena kusinthidwa, fani iyesedwe ngati ikuyaka yokha pa nthawi yake, pampu ya madzi ndi kapu zikhale zatsopano. Apa pali mwambo umene ndimalimbana nawo: kuchotsa thermostat (kavalavu kotsegulira madzi njira yopita ku rediyeta injini ikatentha), ati kuno n'kotentha siifunika. Mabuku a Toyota okonzera injini amaletsa zimenezi poyera, ngakhale pa injini imene ikutentha. Thermostat imatseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi m'injini, kuti onse adutse ku rediyeta. Mukaichotsa, ena mwa madzi otentha amangozungulira m'kanjirako osakazizira. M'mawa injini imachedwa kutentha n'kumamwa mafuta ambiri, pa chitunda imawira chimodzimodzi. Yakale ikakanirira, gulani ina. Kulumikiza fani kuti izizungulira nthawi zonse nakonso kumangobisa matenda, ndipo kumapha mota ya fani msanga.

Njira yomaliza ndi kugula injini ina yochokera ku Japan, zimene zimagulitsidwa ku Lilongwe, monga ku Biwi. Pa 5A ndi QG15 ndingayambe ndakonza imene ndili nayo, chifukwa buloko yake imapirira ndipo ina yabwino siipezeka msanga. Pa 1NZ, 2NZ, 1KR ndi L13A imene inawira mpaka kuzima yokha, kapena imene yabweza gasiketi kachiwiri, kuwerengera kwanga kumapita ku injini ina. Mukaphatikiza kusikima, gasiketi, mabawuti, marin'gi, mabeyaringi ndi ntchito, mumayandikira mtengo wa injini yosatsegulidwapo, ndipo mumatsalabe ndi buloko yokayikitsa.

Pogula injini yotere pitani ndi makaniko wanu. Tsegulani chivindikiro cha oyilo muunike m'kati ndi tochi: zitsulo za mtundu wa golide ndi chizindikiro chabwino, phula lakuda ndi injini imene inkamanidwa oyilo. Chotsani mapulagi muwaike pamzere, akhale ofanana mtundu. Suzumirani m'kamwa mwa paipi ya madzi ngati muli dzimbiri. Zunguzani crankshaft ndi sipanala mumve ngati silinda iliyonse ikukankha. Yang'anani m'mbali mwa hedi ndi chivindikiro cha tcheni ngati pali silikoni wa mtundu wachilendo, chizindikiro choti wina anatsegulapo kale. Pa 1NZ onetsetsani kuti ndi ya mtundu wa galimoto yanu, chifukwa zoyamba zili ndi throttle (khomo lolowera mpweya m'injini) ya waya pomwe zapambuyo pake, zambiri zoyenda ndi CVT, zili ndi ya magetsi, ndipo mawaya ndi masensa ake amasiyana. Gwirizanani ndi wogulitsa masiku oyesera, alembe pa lisiti. Injiniyo isanalowe m'galimoto, iikeni pampu ya madzi ndi thermostat zatsopano ikadali pansi pomwe manja akufika bwino, ndipo rediyeta imene inapha injini yoyamba ija isalumikizidwe ku yachiwiri isanatsegulidwe matanki n'kuyeretsedwa timachubu take, kapena kusinthidwa yonse.